Rootkit: mbiri ya mapulogalamu ophunzitsa kompyuta kunama

Palibe munthu amene amaona m'kati mwa kompyuta ndi maso ake. Mukatsegula foda n'kuona mayina a mafayilo, si disikiyo imene mukuiona. Mwafunsa, ndipo makinawo akuyankhani. Mukafuna kudziwa mapulogalamu amene akuyenda panthawiyo, mumafunsanso. Ngakhale antivirus imene mudaikamo kuti ikutetezeni imafunsa pakhomo lomwelo. Tonsefe tili ngati mwini golosale amene sawerenga yekha matumba a shuga ali m'chipinda chakuseri, koma amangokhulupirira zimene kalaliki walemba m'buku. Mbala wamba imathyola loko usiku, ndipo kukacha aliyense amadziwa kuti kwabedwa. Mbala yochenjera imagula kalalikiyo. Rootkit ndi pulogalamu ya mtundu wachiwiriwu. Ntchito yake yaikulu si kuba kapena kuwononga, koma kupotoza mayankho, kuti mafayilo a wakubayo, mapulogalamu ake ndi njira zimene akulankhulira ndi kunja zisamaoneke.

Nzeru yoti chida chikhoza kunamiza mwini wake ndi yakale kuposa dzina loti rootkit. M'chaka cha 1983, Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, amene adapanga Unix ku Bell Labs ku America, adapatsidwa mphoto ya Turing, ulemu waukulu kwambiri pa sayansi ya makompyuta. Pamwambowo Thompson adafotokoza msampha umene iye mwini adatcherapo. Pulogalamu imalembedwa m'chilankhulo chimene munthu angawerenge, kenako chida chotchedwa compiler chimaisandutsa manambala amene makina amamva. Thompson adasintha compiler kuti ikazindikira kuti ikumanga pulogalamu ya login, ija yofunsa dzina ndi pasiwedi, iziikamo khomo lakuseri lolowera iye. Adaiphunzitsanso kuti ikamamanga compiler ina yatsopano, iziipatsira chinyengo chomwecho. Atatero adafufuta zonse m'zolembedwa zimene munthu angawerenge. Wofufuza akadatha kuwerenga mzere uliwonse osapeza kanthu, chifukwa bodzalo lidali litachoka m'zolembedwa n'kukakhala m'chida chomangira. Zimene adalankhulazo zidasindikizidwa mu Ogasiti 1984.

Mu 1986 vairasi ya Brain idatuluka ku Lahore m'dziko la Pakistan, yolembedwa ndi abale awiri, Basit ndi Amjad Farooq Alvi. Inkakhala pachiyambi penipeni pa floppy disk, pamene kompyuta imayambira kuwerenga ikayatsidwa. Zimene zidali pamalopo poyamba sinkazitaya. Inkazisunga pena, ndipo munthu akafuna kusuzumira pamalo ake inkamuonetsa zakalezo, zabwinobwino. Choseketsa n'choti vairasi yodziwa kubisala chonchi idali ndi mayina a eni ake, adiresi ya bizinesi yawo ndi manambala a foni m'kati mwake. Nthawiyo nkhanizi zidali zisanafike pa ndalama ndi ukazitape.

Dzina loti rootkit lidabadwira m'makompyuta akuluakulu a Unix a m'mayunivesite ndi m'makampani kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makamaka a SunOS. Pa Unix, root ndi akaunti ya mwini mphamvu zonse. Wothyola akafika pa akauntiyi, nkhawa yake inkakhala ya momwe angakhalitsire osagwidwa, ndiye anzake adamukonzeratu phukusi la zida. Woyang'anira makina ankadalira timapulogalamu tochepa: ls yomuonetsa mafayilo, ps yomuonetsa zimene zikuyenda, netstat yomuonetsa amene alumikizana ndi makinawo. Phukusilo linkachotsa zonsezi n'kuikapo zofanana nazo ndendende, kusiyana kwake kuli kumodzi: zatsopanozo zinkadumpha mayina amene zauzidwa kudumpha. Mudalinso kachida kofufuta mapazi m'mafayilo a log, ndi kena kobwezera deti la fayilo m'mbuyo kuti ioneke ngati sidakhudzidwe. Kuseri kwa zonsezi kunkakhala pulogalamu yomvetsera pa netiweki, yotola mapasiwedi, amene masiku amenewo ankayenda poyera. Mu Febuluwale 1994, bungwe la CERT la pa yunivesite ya Carnegie Mellon lidachenjeza kuti othyola adali atatola kale zolowera m'makompyuta zikwi makumimakumi.

Mankhwala a matenda amenewa adali atapezeka kale. Mu 1992, pa yunivesite ya Purdue, wophunzira Gene Kim ndi mphunzitsi wake Eugene Spafford adatulutsa Tripwire. Makina akadali oyera, Tripwire inkawerengera fayilo iliyonse yofunika nambala yaitali yochokera ku zonse zili m'fayilomo, nambala imene imasinthiratu pakangosintha chilembo chimodzi. Woyang'anira wanzeru ankasunga manambalawo pa disiki yosalembeka, ndipo nthawi ndi nthawi ankawerengeranso n'kufananiza. Ngati ls ya lero sikugwirizana ndi ls ya mwezi watha, ndiye kuti wina wadutsapo. Mu 1997 kudabweranso chkrootkit, yoyambitsidwa ndi Nelson Murilo wa ku Brazil, yofufuza zizindikiro za maphukusi odziwika kale.

Othyola adaona kuti kusintha ls ndi ps n'kudzigwiritsa okha, ndiye adatsikira pansi. Pulogalamu ngati ls siwerenga disiki payokha. Imapempha kernel, mtima wa operating system, mbali yokhayo yololedwa kukhudza disiki, memory ndi netiweki. Linux ndi Solaris zinkalola kulowetsa tizidutswa tatsopano mu kernel makina ali chiyakire, kuti wogula chipangizo chatsopano asavutike. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ma rootkit monga knark ndi adore adalowera pakhomo limeneli. Mu kernel muli mndandanda wonena kuti pempho lakutilakuti lipite kwa yani. Iwo ankasintha mndandandawo kuti mapempho azidzera kwa iwo kaye, n'kusefa mayankho asanabwerere kwa wofunsa. Tsopano ls idali yeniyeni, nambala yake yolondola, koma ikunena bodza yosadziwa kuti ikunama. Knark idafika pochita chonchi: wopempha kuwerenga fayilo ankapatsidwa yabwinoyo, koma wofuna kuiyendetsa ankayendetsa yachinyengo. Tripwire, imene imangowerenga, inkakhutira.

Ku Windows luso limeneli lidafika mu 1999 pamene Greg Hoglund adatulutsa NTRootkit pofuna kuonetsa kuti n'zotheka. Zaka zingapo pambuyo pake Jamie Butler adalemba FU, imene idachenjera mwa njira ina. Windows imasunga mapulogalamu oyenda pa mndandanda wolumikizana, iliyonse ikuloza yapatsogolo ndi yapambuyo pake. FU sinkasefa yankho lililonse. Inkangomasula pulogalamu yofuna kuibisa pamndandandapo n'kulumikiza ziwiri zoyandikana nayo. Task Manager ikamawerenga, inkadutsa osaona mpata. Koma yobisikayo inkapitiriza ntchito yake, popeza mbali ya Windows yogawa nthawi ya processor sidalira mndandanda umenewo.

Apa m'pamene oteteza adatulukira njira imene kwa ine ndi yokoma kuposa zonse m'mbiriyi. Sifuna kudziwa dzina la rootkit kapena maonekedwe ake. Imafunsa funso limodzi kawiri: koyamba kudzera mu Windows monga mwa masiku onse, kachiwiri powerenga disikiyo mwachindunji, gawo ndi gawo, n'kumasulira yokha zimene yapeza. Mwini golosale uja wanyamula buku la kalaliki, walowa yekha kukawerenga matumba. Fayilo yopezeka pa disiki koma yosowa pa yankho la Windows ndiyo imene wina akuibisa, ndipo kubisala komweko kumasanduka umboni. Kumayambiriro kwa 2005, Bryce Cogswell ndi Mark Russinovich a ku Sysinternals adatulutsa RootkitRevealer yogwira ntchito motere, ndipo kampani ya F-Secure ya ku Finland idatulutsa BlackLight. Ogwiritsa ntchito rootkit yotchuka ya Hacker Defender sadachedwe kupeza yankho. Adaiuza kuti ikaona dzina la RootkitRevealer, izinena zoona kwa iyoyo yokha. Mayankho awiri aja ankafanana, chida n'kulengeza kuti zonse zili bwino. Eni chidacho adachisintha kuti chizidzipatsa dzina lachilendo nthawi iliyonse chikamayamba ntchito.

Chida chomwechi ndicho chidavumbula nkhani imene idadziwitsa anthu wamba mawu oti rootkit. Mu Okutobala 2005, Russinovich ankayesa RootkitRevealer pa kompyuta yake yomwe, ndipo idamuonetsa foda ndi madalaivala obisika. Munthu wosamala ngati iyeyo adadabwa kuti zalowa bwanji. Atalondola mapazi adapeza kuti zidalembedwa ndi kampani ya ku Britain ya First 4 Internet, ndipo zidalowa kudzera pa CD ya nyimbo imene adagula ndi ndalama zake, chimbale cha gulu la Van Zant chotulutsidwa ndi Sony BMG. Pofuna kuletsa anthu kukopera nyimbo zake mopitirira, Sony BMG idaika pa ma CD ake pulogalamu ya XCP, yomwe inkalowa mu kernel ya Windows n'kubisa chilichonse chimene dzina lake likuyamba ndi $sys$. Pangano limene wogula ankavomereza pa sikirini silidatchulepo za kubisaku. Njira yoichotsera padalibe, ndipo Russinovich atachotsa mafayilowo pamanja, CD drive yake idasiya kugwira ntchito. Adalemba zonsezi pa 31 Okutobala.

Mkulu wina wa Sony BMG, Thomas Hesse, adayankha pa wailesi ya NPR kuti anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti rootkit n'chiyani, ndiye adandaulirenji. Yankho lidabwera pasanathe milungu iwiri. Olemba mavairasi adangoyamba kutcha mafayilo awo mayina oyamba ndi $sys$, ndipo pulogalamu ya Sony idawabisa kwaulere. Ngakhale obera pa masewero a World of Warcraft adabisala m'menemo. Kachida kochotsera kamene kampaniyo idatulutsa poyamba kadapezeka kuti kakutsegula bowo lina lalikulu, monga adaonetsera Ed Felten ndi Alex Halderman a pa yunivesite ya Princeton. Zimbale 52 zidali ndi XCP. Kampaniyo idaitanitsa ma CD otsala m'masitolo, boma la chigawo cha Texas lidaisumira pa 21 Novembala, ndipo mu 2007 idagwirizana ndi bungwe la boma la America la FTC kuti izibwezera wogula aliyense mpaka madola 150 okonzetsera kompyuta yowonongeka.

Chimene chimandivuta pankhaniyi si Sony yokha. Ma CD amenewa adagulitsidwa kwa miyezi yambiri, ndipo makampani akuluakulu a antivirus, amene anthu ankawalipira chaka ndi chaka, sadachenjeze makasitomala awo. Katswiri Bruce Schneier adafunsa poyera nthawi yomweyo ngati adalephera kuiona kapena adaiona n'kuilekerera poti mwini wake adali kampani yolemekezeka. Mayankho onse awiri ndi ochititsa manyazi.

Pamene dziko linkakangana za nyimbo, ku Greece kudali nkhani yoopsa kwambiri imene idali isanaululike. Masewero a Olympic a mu Ogasiti 2004 atayandikira, anthu ena adalowetsa pulogalamu yawo m'makina anayi a Ericsson AXE olumikiza mafoni a Vodafone Greece. M'makinamo mudali kale mbali yothandiza apolisi kumvetsera mafoni khoti likalola, koma Vodafone idali isanayambe kuigwiritsa ntchito. Olowererawo adaiyatsa mwakachetechete. Mafoni oposa 100 ankamvetseredwa, kuphatikizapo ya nduna yaikulu Kostas Karamanlis, a nduna zingapo ndi a akuluakulu a asilikali, ndipo mawuwo ankatumizidwa ku mafoni 14 a mayunitsi ogula. Pulogalamuyo idasintha lamulo loonetsa zimene zikuyenda m'makinawo kuti lizidumpha dzina lake, n'kukonzanso manambala otsimikizira kuti azioneka osasintha. Ndi nzeru ija ya ps ndi ls, koma m'makina amene akatswiri odziwa chilankhulo chake ndi ochepa kwambiri padziko.

Palibe chida chofufuzira chimene chidaigwira. Pa 24 Januwale 2005 eni ake adaisintha pang'ono, ndipo kusinthako kudachititsa kuti mameseji ena a makasitomala asamafike. Pofufuza vuto la mamesejilo, mainjiniya a Ericsson adatenga zonse zili mu memory ya makinawo kukaziunika kwina, n'kupeza mlendoyo. Mu Malichi, Vodafone idangoichotsa msangamsanga, zomwe zidachenjeza omvetserawo kuti azimitse mafoni awo 14 aja asanalondoledwe. Anthu adauzidwa mu Febuluwale 2006, ndipo mu Disembala chaka chomwecho kampaniyo idalipitsidwa chindapusa cha mayuro 76 miliyoni.

Microsoft nayo idayamba kutseka makomo. Kuyambira 2005, Windows ya 64-bit idabwera ndi PatchGuard, yozimitsa makina ikaona kuti mbali zofunika za kernel zasinthidwa, ndipo Windows Vista ya 64-bit inkakana dalaivala aliyense wopanda siginecha yovomerezeka. Olemba ma rootkit adatsikanso, kubwerera kumene Brain idali zaka 20 m'mbuyomo: pachiyambi pa disiki. Amene wadzuka Windows isanadzuke amatha kuimanga manja isanaike alonda ake. Mebroot idachita zimenezi chakumapeto kwa 2007, ndipo banja la TDL, lotchedwanso Alureon, lidazifikitsa patali. Kampani ya Kaspersky idawerenga makompyuta oposa 4.5 miliyoni ogwidwa ndi TDL-4 m'miyezi itatu yoyamba ya 2011. Apa zidali zitasanduka malonda: ofalitsa ankalipidwa potengera kuchuluka kwa makompyuta amene aipatsira, ndipo ambiri ankaitenga pa masamba a mapulogalamu obedwa ndi a zolaula.

Banja lomweli lidachitapo ngozi yosaiwalika. Mu Febuluwale 2010, Microsoft idatulutsa update yotchedwa MS10-015, ndipo makompyuta ambiri a Windows XP adagwa, sikirini ili buluu, osayakanso. Anthu adakwiyira Microsoft, nayo idayamba yaimitsa update ija. Kufufuza kudaonetsa kuti makina akugwawo adali ndi Alureon, yomwe idaloweza malo enieni a zinthu zina mu kernel. Update itasuntha zinthuzo, rootkit idaponda pamene palibe. Eni makompyutawo adadziwa tsiku limenelo kuti akhala ndi mlendo kwa nthawi yaitali. Olemba Alureon adakonza cholakwikacho m'masiku ochepa, poti kompyuta yakufa siwabweretsera ndalama.

Padali nthawi imene akatswiri adachita mantha ndi njira ina. Mu 2006 Joanna Rutkowska wa ku Poland adaonetsa Blue Pill, yonyamula Windows yonse n'kuiika m'kompyuta yongoyerekezera, iyo n'kukhala pansi pake. Mkangano udakula woti kodi chinthu chotere chingagwidwe poyeza nthawi imene malamulo ena akutenga. Nkhani zake zidadzaza misonkhano, koma akuba enieni sadaitengere kwenikweni, popeza njira zosavuta zidali zikugwirabe ntchito.

Stuxnet ndiyo idaonetsa kumene bodza lotere lingafike. Idapezeka mu Juni 2010 ndi kampani yaing'ono ya VirusBlokAda ya ku Minsk m'dziko la Belarus, makompyuta a kasitomala wina ku Iran atayamba kumangozima n'kuyakanso okha. Nayonso tsono idaululika chifukwa chopunthwa. Lamulo la siginecha lija idalidutsa pogwiritsa ntchito ziphaso zobedwa ku makampani awiri a ku Taiwan, Realtek ndi JMicron, choncho Windows inkalandira madalaivala ake ngati a anthu odziwika. Koma cholinga chake chidali makina a Siemens oyendetsa ma centrifuge oyenga uranium ku Natanz, ku Iran komweko. Injiniya akafuna kuona malangizo amene ali m'makina oyendetserawo, Stuxnet inkamuonetsa oyera, ake oipa itawachotsa pa yankho. Mbali ina ya pulogalamuyi idalembedwa kuti ijambule masekondi 21 a zoyezera makina akuyenda bwino, n'kumazibwereza kwa oyang'anira pamene iyo ikuwononga. Mu 2012 nyuzipepala ya New York Times idalemba kuti ntchitoyi idali ya America ndi Israel.

Pansi pa disiki patsala malo amodzi: firmware, pulogalamu yokhala mu kachipu kakang'ono pa motherboard, imene imayamba kugwira ntchito munthu akangodina batani loyatsira. Secure Boot, imene idafala ndi Windows 8 mu 2012, imadalira firmware imeneyi kuti ione siginecha ya chilichonse chofuna kuyamba pambuyo pake. Mu Seputembala 2018 kampani ya ESET ya ku Slovakia idalengeza za LoJax, rootkit yoyamba yopezeka ikugwiradi ntchito mu firmware ya UEFI, yolunjika mabungwe a boma ku Balkans ndi m'maiko a pakati ndi kum'mawa kwa Ulaya. ESET idati ndi ya gulu la Sednit, lodziwikanso kuti Fancy Bear. Kufomata sikunkaichotsa. Kusintha hard disk yonse sikunkaichotsanso, chifukwa kompyuta ikayaka inkadzilembanso pa disiki yatsopanoyo. Mu 2023 ESET idafotokozanso za BlackLotus, yogulitsidwa pa madola 5,000, yomwe inkadutsa Secure Boot pa Windows 11 yokhala ndi ma update onse. Bowo limene inkalowera lidatsekedwa mu Januwale 2022, koma mafayilo akale okhala ndi bowolo adali asanachotsedwe pa mndandanda wa ovomerezeka, ndiye BlackLotus inkangobwera ndi akeake.

Ofufuza a lero safunsanso kompyuta yokayikitsa kuti inene za iyo yokha. Amaizimitsa n'kuiyatsira pa fulashi yoyera, kuti disikiyo iwerengedwe rootkit ili mtulo. Amakopera memory yonse n'kukaiunika pa makina ena ndi zida monga Volatility, yomwe idatuluka mu 2007. Pulogalamu yomasulidwa pamndandanda ngati ija ya FU imapezekabe, chifukwa kuti iyende iyenera kukhala penapake mu memory. Amamvetsera pa netiweki ali pa chipangizo china, ndipo kompyuta yonena kuti sikulankhula ndi aliyense koma ikutumiza zinthu kunja usiku wonse yadziulula. Kachipu ka TPM, kamene Windows 11 idayamba kukakamiza mu 2021, kamasunga muyeso wa chilichonse chimene chayamba poyatsa makina, kuti wina wakunja autsimikize. Pa firmware, ena amafika pomata chowerengera pa kachipu ka motherboard kuti awerenge zili m'menemo makina ali ozima. Ngakhale msampha wa Thompson udapezeredwa njira yofananayo: David A. Wheeler adaonetsa mu 2005 kuti compiler yokayikitsa ikhoza kuyesedwa pomanga zolembedwa zake ndi compiler ina yosachokera kumodzi nayo, n'kufananiza zotsatira.

Inu amene muli ndi laputopu ya kuntchito kapena ya kusukulu, dziwani kuti ma rootkit ambiri sangakhazikike popanda mphamvu za administrator, ndipo nthawi zambiri mphamvuzo amapereka ndi mwini makina. Pulogalamu yokirakidwa imene ikukuuzani kuti muyambe mwazimitsa antivirus kapena Secure Boot ikupempha ndendende chimene TDL inkafuna. Rootkit ikapezeka kuti ilimodi, musakhutire ndi uthenga woti yachotsedwa, poti wonena uthengawo ndi makina omwe aja. Sungani zikalata zanu zokha, fomatani, ikani Windows kapena Linux yatsopano kuchokera pa fulashi yokonzedwa pa kompyuta ina, ndipo mapasiwedi onse muwasinthire pa chipangizo china. Ikakhala mu firmware, malangizo amene ESET idapereka pa LoJax ndi awiri okha: kulembanso kachipuko ndi firmware yoyera, kapena kusintha motherboard yonse.